Nambala 34 Ili Pansi

Wenzulo italira, osewera onse anadzuka kupatula mmodzi. Anangogona chafufumimba pa udzu, chisoti chili kumutu, nambala 34 kumsana.

"Ndi Wade wanga uyo," anatero Mayi Darlene Hoekstra.

Anali masewero otsiriza a mpira wogwetsana a timu ya kakoleji kawo, imene sinapambaneko chaka chonse. Anyamata a mbali zonse anagwada bondo limodzi, monga amachitira mnzawo akavulala.

Mayi Loretta Kubik, amene ankakhala nawo benchi imodzi Loweruka lililonse, anawafunditsa bulangete lawo n'kuwagwira dzanja.

"Musayang'ane, anzanga. Kuyang'anako ndisiyireni ine, inu pempherani."

Mayi Hoekstra anatsinzina. "Ambuye, akhale wina aliyense, koma asakhale wanga."

Atatsegula maso, anamuona Wade atagwada kunja kwa mzere wa bwalo, ali bwinobwino. Apa m'pamene anakumbukira kuti timuyo ili ndi osewera ambiri kuposa manambala. Ovala 34 analipo awiri, ndipo winayo anali asanapatsidwepo mpata wosewera chiyambire chaka.

Mayi Kubik anawasiya dzanja. Anaimirira pang'onopang'ono, maso ali pa machira amene ankanyamulirapo wovulalayo.

"Ndi Travis wanga," anatero. "Musaleke kupemphera, anzanga. Inu Mulungu amakumvani."