Dzanja Pansi pa Chidendene

Dokotala wa mitsempha uja anamutchera msampha mwana wanga, pamaso pa alamu anga.

Mwendo wakumanzere wa mwanayu unafa titangoika bambo ake m'manda. Namwali wamkulu, kuchimbudzi ndimachita kumubereka.

Dokotalayo anamugoneka chagada n'kulowetsa dzanja pansi pa chidendene chakufacho. "Kanikiza." Osasuntha.

"Chabwino, usiye umenewo. Kweza wakumanjawu, ulimbane nane."

Mwana ali kalikiliki ndi mwendo wabwino, chidendene chakufa chija chinadinda dzanja la dokotala. Ndinaona ndi maso angawa.

Alamu anaseka mpaka kutsokomola. "Mlamu, sindinanene? Mwendo wodzuka mwini wake akauiwala! Njinga ya olumala ndinakubwerekerani ija ndikabweza lero."

"Sakunamizira, bambo," anatero dokotala. "Ndi matenda enieni. Mitsempha ndi yamoyo, kungoti ubongo ndi mwendo sizikumvana. Imeneyi ndi nkhani yabwino. Ambiri amachira ndi mafizo."

Piritsi ayi, jakisoni ayi. Mafizo basi. Dokotalayo amalankhula akusamba m'manja, ndipo pomwe amamaliza alamu anali atatuluka kale, akuimbira foni achibale.

Mwana wanga sanayang'ane dokotala. Anayang'ana ine, misozi ikulowa m'makutu.

"Amayi, nanunso?"

Chidendene chija chinali chikadali m'maso mwanga.

Inu odziwa zachipatala, musandizembe. Ngati ankadziwa kuti mwana sakunama, analekeranji kuwatulutsa kaye alamu asanagwire chidendenecho? Ankayeza mwendo kapena ankayesa mwana wanga? Ndiyankheni, chifukwa mwanayu mpaka pano akudikira yankho langa.