Bodza la M'buku la Pageti

Panali munthu wina wachidwi chopyola muyeso, dzina lake Overtone Kalinde, wa ku Mpama. M'chaka cha 1981 ankaphunzira za uphunzitsi pa koleji ina ya ku Chiradzulu. Amene anandiuza nkhaniyi ankagona naye m'hositelo imodzi, ndipo amalumbira kuti ndi yoona.

Overtone sanali wamwano ayi, koma anali munthu woti ukamuuza kuti usatsegule chitseko icho, ndiye kuti wam'tuma. Wailesi ya mnzake anaimasula yonse kuti aone mmene mawu amalowera, ndipo mpaka lero sinalankhulenso.

Pakolejipo panali lamulo lakuti aliyense wotuluka kumpanda alembe m'buku la pageti dzina lake, kumene akupita ndi tsiku lobwerera. Bukulo ankasunga ndi alonda, a Bakali. Ophunzira ankadana nalo koopsa. Inali nthawi ija yoti munthu uyambe wacheuka usanalankhule, ndiye mphekesera inali yakuti bukulo amawerenga ndi akazitape.

Tsiku lina mphunzitsi wa mbiri yakale anatchula za phanga lina la m'phiri lapafupi ndi kolejiyo, mmene muli zithunzi zofiira zojambulidwa ndi anthu akalekale. Anati adzapita nawo onse pamodzi mvula ikatha, ndipo wina asayerekeze kukwera yekha. Overtone mtima unam'yabwa. Adikire mpaka Meyi? Nanga anthuwo anajambula ndi chiyani, choti zaka zonsezi osafufutika?

Loweruka m'mawa anafika pageti.

"Mukulowera kuti, achimwene?" anafunsa a Bakali akum'patsa cholembera.

"Ku Mbombwe, kukaona amalume. Ndibwera mawa madzulo."

"Lembani momwemo. Bukuli anzanu amangoliopa chabe. Ntchito yake ndi imodzi basi: mukapanda kubwera, ife tidziwe koyambira kukufunani."

Overtone analemba bodza lakelo ndi zilembo zokongola, natuluka. Atangokhota, anasiya msewu wa ku Mbombwe n'kulunjika kuphiri, akudziona wochenjera kuposa koleji yonse.

Phangalo analipezadi dzuwa lili paliwombo. Zithunzi zinalipo: timizere, tozungulira, ndi china chooneka ngati buluzi. Anakanda ndi chikhadabo, ananunkhiza, anaseka yekha ndi chisangalalo. Kenaka anaona zina cha pamwamba, nakwera thanthwe kuti aonetsetse. Thanthwelo linali ndi ndere. Anaterereka n'kugwera mumpata wa miyala, fupa la mwendo n'kuthyoka mpaka kutulukira kunja.

Anakuwa mpaka mawu anatha, koma omuyankha anali anyani okha. Ludzu likam'gwira ankanyambita madzi odontha pamwala. Poyamba anadzilimbitsa mtima kuti pofika Lolemba anzake abwera kudzam'funa. Kenaka anakumbukira zimene analemba m'buku muja, ndipo apo mantha anam'gwira zenizeni.

A Bakali ntchito yawo anaigwira. Lamlungu madzulo ataona kuti Overtone sanabwere, anakanena ku ofesi. Lolemba m'mawa anakwera njinga mpaka ku Mbombwe, napeza amalume aja akupalira nandolo.

"Overtone? Kuno sanapondeko chichokereni Khirisimasi," anatero amalumewo.

A Bakali anapalasanso mpaka ku Mpama kwa mayi ake. Nakonso kunalibe.

Apa ndi pamene zinthu zinaipira. Masiku amenewo wophunzira akasowa panjira popanda womuona, anthu ankangoganiza chinthu chimodzi: wanyamulidwa ndi aboma chifukwa cha pakamwa pake. Ndipo za munthu wonyamulidwa panalibe amene ankafunsa, kuopa kum'tsatira. Koleji yonse inangoti zii. Lackson, mnzake wa chipinda chimodzi, anali atamumva akutchula za phangalo kawiri katatu, koma anaganiza kuti akangotsegula pakamwa, mafunso am'tembenukira iyeyo. Mayi a Overtone ankalirira m'nyumba atatseka chitseko. Achinyamata mazana awiri, oti akanasesa phiri lonselo tsiku limodzi, anakhala m'kalasi kumalemba manotsi. Ine zimenezi zimandiwawa mpaka pano.

Lachitatu m'mawa mayi wina wa m'mudzi wa m'tsinde mwa phirilo, Nabanda, akutola nkhuni anamva kubuula. Poyamba anafuna kuthawa, koma anasuzumira, naona munthu. Anaitana amuna a m'mudzimo, ndipo anam'nyamula pamachira a matumba mpaka kukachipatala ka pakoleji. Nesi atangovundukula mwendowo anagwira mphuno n'kuitanitsa galimoto. Kuchipatala chachikulu dokotala ananena mosabisa kuti akanafika naye Lolemba, mwendowo ukanapulumuka. Anaudula m'munsi mwa bondo.

Patapita sabata, a Bakali anapita kukamuona atanyamula nthochi. Anam'peza ali ndi mkwiyo uja wa munthu amene akuchita manyazi.

"Masiku anayi athunthu, a Bakali. Koleji yonse ija, osapezeka ndi mmodzi yemwe wondifuna?"

Mkuluyo anaika nthochi pakatebulo. Anayang'ana pansalu pamene panayenera kutumphuka phazi lachiwiri, misozi ikulengeza m'maso.

"Tinakufunani, achimwene. Ndinapalasa njinga tsiku lonse, osalawa kanthu. Koma tinakufunani kumene munatituma."

Phunziro: Alonda, buku la pageti, nesi ndi malamulo a pasukulu sanaziike kuti azikulondani ngati akuba, anaziika kuti mubwerere kwanu amoyo ndi ziwalo zonse. Mukamachoka, uzani munthu mmodzi zoona za kumene mukupita. Ndipo mnzanu akasowa, nenani chimene mukudziwa tsiku lomwelo, ngakhale mukuchita mantha. Uthengawu usathere pa inu. Upatsireni aliyense amene ali ndi mwana, m'bale kapena bwenzi kukoleji.