Marrit Alembenso Mayeso

Sjoerd Hiemstra adakhala pa kampando ka ana, mawondo atatsala pang'ono kugunda chibwano. Ana onse anali ataweruka. Mvula ya mu Novembala inkamenya mawindo, ndipo pakhoma la sukulu padangotsala njinga yake yokha.

Mayi Postma, mphunzitsi amene adabwera pachilumba chawocho miyezi itatu yapitayo, adamukankhira pepala la mayeso a mwana wake.

"Marrit sanakhoze, Bambo Hiemstra. Sukulu ya ana anzeru zapadera ija imafuna mamalikisi okwera kwambiri. Iyeyu sanayandikire n'komwe."

Sjoerd adawerenga pang'onopang'ono, chala chake chakuda ndi girisi chikutsata mzere uliwonse. Iye ankakonza njinga pafupi ndi doko. Nyengo yozizira ikafika alendo ankasowa, ndipo tsiku linkatha osayankhula ndi munthu wina kupatula mwana wake wa zaka zisanu ndi zinayiyo.

"Alembenso," adatero.

Mayi Postma adapumira m'mwamba. "Kulephera si mlandu. Kholo lililonse limaona ngati mwana wake ndi wapadera. Nanenso wanga ndimamuona choncho, chonsecho mpaka pano amavala nsapato mosemphanitsa."

Sjoerd sadaseke. Ankadziwa zimene makolo anzake ankanong'onezana pageti: kuti wokonza njinga wayamba kudzimva, kuti amatuta mabuku kulaibulale ngati nkhuni, kuti mwana akumupanikiza mpaka wasiya kuseka. Akafika iye nkhani zinkatha, aliyense n'kuyamba kuyang'ana foni. Koma ankadziwanso zina. Marrit adayamba kuwerenga ali ndi zaka zinayi, popanda womuphunzitsa. Kawiri konse Sjoerd adadutsa pasukulupo nthawi yopuma n'kumuona ataima yekha kumpanda, manja m'thumba, anzake akuthamangitsana kumbuyo kwake.

"Tsiku la mayeso analira," adapitiriza mphunzitsiyo. "Anandiuza yekha kuti sakufuna kupitako. Kodi inu munamufunsapo maganizo ake?"

"Ndinamufunsa."

"Anati chiyani?"

"Zomwezo."

"Ndiye?"

"Ndiye alembenso."

Nkhope ya Mayi Postma idasintha. Adavula magalasi n'kuwaika patebulo mwamphamvu.

"Ndikuuzeni mosabisa, bambo. Mwana si njinga yoti mumange apa, muthire mafuta apo, ithamange momwe mukufunira. Marrit ali bwinobwino pano. Amene sakukhutira ndi inu."

Sjoerd adayang'ana pansi. Madzi ochokera ku jekete lake anali atapanga kadziwe pansi pa mpando. Mawu otere adali asadawamvepo pamaso, ngakhale ankadziwa kuti chilumba chonse chikuganiza zomwezo. Akadangoimirira n'kuthokoza, nkhani ikadathera pomwepo. Akadakapeza Marrit kunyumba atayala kale mbale ziwiri, n'kudya mbatatesi zawo mwamtendere ngati masiku onse.

Sadaimirire.

"Malamulo amalola kulemba kachiwiri. Ndinawerenga. Pangofunika kalata yanu."

"Ndipo mwaganizira komwe sukuluyo ili?" Mawu a mphunzitsiyo adakwera. "Ku Utrecht! Maola awiri pa boti, ena awiri pa sitima yapamtunda. Mutseka shopu yanu, mumuzule mwana kwawo, kungofuna anthu azinena kuti Hiemstra anabereka katswiri?"

Sjoerd adatembenuza pepala lija kuti liyang'ane kwa mphunzitsiyo.

"Ine sindisamuka, aphunzitsi. Ku Utrecht kumakhala amayi ake. Tinagwirizana kuti akakhoza akakhala nawo, kuno azibwera patchuthi." Adaloza papepalapo. "Mafunso awa ankawayankha ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Walakwitsa dala, akuopa kuti nditsala ndekha m'nyumba muja. Chonde lembani kalatayo, mwanayu apite."