Mkamwini Alibe Mwana

Esau anamuona komaliza mwana wake Masozi ali moyo pabedi la kuchipatala, diripi ili padzanja, akupempha madzi. Adokotala anati akufunika kumuika magazi. Malume ake a mwanayo anakana.

"Mwanayu ndi wa mbumba yathu, alamu. Inu ndinu mkamwini chabe. Tikamupempherera kumudzi."

Esau, amene anasiya koleji kuti alere mwana yemweyu, anapalasa njinga kukaitana mayi woteteza ana ku Mitundu. Anabwera awiri, thukuta kamukamu, kalata yodinda yolamula kuti mwanayo amuike magazi ili m'manja.

Anapeza namwino akupinda nsalu ya pabedi.

"Malume aja azula okha diripi, bambo. Achoka naye pakabaza. Akazi anu amalira, koma akwera nawo."

Masozi anamuika m'manda Lachitatu, pa 21 Febuluwale, 2024.