Fulu, Nanzikambe ndi Mayunitsi

Padangokhala, tili tonse pompano, Fulu ndi Nanzikambe, zitsiru ziwiri zokonda magemu.

Fulu adagula kabokosi ka magemu kolumikiza pa TV. "Kanga n'kotchipa, achimwene, n'kokhalitsa ngati chigoba changachi," adadzitama. Koma gemu iliyonse yatsopano inkamudyera mbuzi.

Nanzikambe adagula kompyuta. "Ine magemu ndimagula pamtengo wozizira," adayankha. Koma monga asinthira maonekedwe ake, mwezi uliwonse ankasintha zam'kati mwa kompyutayo, mpaka adagulitsa njinga.

Tsiku la mpikisano wawo, nyama zitadzaza m'nyumba, mita idalira: mayunitsi a magetsi atha. Onse awiri adapisa m'thumba, n'kutulutsa zala zokha.

Lero amasewera bawo ya timiyala pafumbi, akukanganabe kuti adagula mwanzeru ndani.

Kaphuleni mbatata inu. Anzanuwo adagulitsa ndi mbaula yomwe.