Chipsera cha M'nyimbo

Nyimbo ija inayambanso pa wailesi pomwe wometa ankanola lumo, ndipo mtima wake unachita kuwira. Anali ataimva mokwanira, mawu onse atawaloweza ngati pemphero.

Nyimbo zachikondi ankazidziwa bwino, poti wailesi ya m'malo ometera sipuma. Zambiri n'zabodza: maso ngati nyenyezi, mano ngati mkaka, mawu oti akhoza kukwana mkazi aliyense wodutsa mumsewu. Koma iyi ayi. Iyi inkanena za mkazi amene amaseka ali m'tulo, amene akamva bingu amabisa nkhope m'khwapa mwa mwamuna, amene ali ndi chipsera cha madzi otentha pantchafu ya kumanzere. Zoterezi munthu sapeka, amachita kuziona. Ndipo mkazi ameneyo anali wake, mayi wa ana ake.

Dzulo lake anamupanikiza ndi mafunso. Mkaziyo analira, nalumbira kuti woyimbayo sanalankhulanepo naye n'komwe, koma wometa sanafune kumva. Kodi chipsera cha pantchafu chimaonekera pamsika? Anamuponyera zovala m'chikwama, n'kumuuza pamaso pa ana kuti azipita kwawo, asadzapondenso pakhomo pake.

Ndiye taonani woyimba uja, kasitomala wake wakalekale, akulowa uku akuimba mluzu, wopanda ndi manyazi omwe. Anadziponya pampando n'kugoneka mutu chagada kuti ametedwe ndevu. Wometa anamupaka thovu kundevu. Khosi lija linali poyera, lumo lili m'manja, ndipo m'chipindamo munalibenso munthu wina.

"Nyimbo yanuyi, bwana," anatero atakukuta mano. "Mkazi ameneyu mukumudziwa bwino, eti?"

Woyimba anaseka mpaka thovu kugwera pansalu.

"Ine? Ngakhale nkhope yawo sindiidziwa. Nyimboyi ndi yanu, achimwene. Mukangogwira mutu wangawu pakamwa panu sipatseka: mayi akunyumba zakuti, mayi akunyumba zakuti. Za bingu, za chipsera, za kuseka kutulo, munandiuza ndinu, tsiku lina mpaka misozi ikulengeza. Ine ndinangoikapo gitala."

Anatsinzina n'kuperekanso khosi.

"Sindinaonepo mwamuna wokonda mkazi wake chonchi. Koma alamu aimva? Akuti bwanji?"