Phulusa pa Khola la Akalulu a Malemu Teleza

Panali bambo wina kwathu ku Thyolo, m'mudzi wochita malire ndi esiteti ya tiyi, njira yolowera ku Makwasa. Dzina lawo a Stewart. Nkhaniyi ndi yoona, odziwa dera limenelo angakuuzeni.

A Stewart anakhala ku Joni zaka zambiri. Pamene ankabwerera n'kuti mkazi wawo, mayi Teleza, atadwala kale, ndipo sanakhalitse limodzi. Mayiwo anasiya nyumba, munda ndi akalulu asanu ndi awiri m'khola lamiyendo kuseri kwa khitchini. Akalulu amenewo sanali a ndiwo. Malemuwo ankawaitana mayina, ankacheza nawo ngati ana. A Stewart m'mawa uliwonse ankawathyolera chisoso ndi kholowa, n'kukhala pampando kuwayang'ana mpaka tiyi kuzizira m'kapu.

Koma mtima wawo sunali m'malo. Malowo anali akuchikazi, iwo anali mkamwini chabe. Maliro atatha palibe amene ananena zowasudzula, ndipo kukhala chete kumeneko n'kumene kunkawaopsa. Mng'ono wa malemuwo, a Vailet, ankakhala kuseri kwa mpanda. Akabweretsa ndiwo m'mbale, a Stewart ankayamba alawitsa galu.

Mvula itayamba kutsazika, chimanga chikuuma m'minda, apusi a m'nkhalango ya esiteti atayamba kuvuta, a Vailet anaima pampanda.

"Alamu, linthumbu layamba kuyenda. Dzulo ndaliona likuoloka msewu wa thirakitala. Muzithira phulusa kuzungulira miyendo ya kholalo."

"Ndamva," anatero a Stewart. Koma sanathire.

Tsiku lina podzuka anapeza phulusa litazungulira mwendo uliwonse wa khola, pambali pake pali mapazi a munthu wamkazi. Anapita kukafotokozera mnzawo wa pa bawo, a Keith.

"Phulusa? Lozungulira?" A Keith anaika pansi njere zimene anagwira. "Achimwene, inu mwakhalitsa kunja. Amalume anga ku Thekerani zinayamba chomwecho. Mwezi sunathe, anapezeka pamsewu ndi chikwama pamutu. Amayambira pa ziweto, kenako pakhomo penipeni."

"Akuti ndi za linthumbu."

"Mumafuna akuuzeni kuti ndi za chiyani?"

A Stewart atabwerera anasesa phulusa lonse, natsirapo madzi. Anagula loko pagolosale n'kukhoma pachitseko cha khola. Kenako anaitana mlamu wawo.

"Mayi, pabwalo panga pano musadzapondenso."

"Alamu, mukunditchula mfiti?"

"Sindinatchule kanthu. Ndangoti musadzapondenso."

A Vailet anatembenuka n'kukalowa m'nyumba mwawo.

Loweruka lotsatira kunacha ndi chiperoni. A Stewart anapita kutchalitchi, kiyi ali m'thumba la jekete. Pobwerera masana anaona utsi kuseri kwa nyumba yawo. Anathamanga. Anapeza a Vailet akumenya khola ndi khasu, pambali pawo muni wa udzu ukuyaka.

"Lero ndakupezererani!" anakuwa a Stewart.

"Kiyi, alamu. Patseni kiyi msanga."

M'pamene anayang'ana pansi. Bwalo lonse linali lofiirira ndi linthumbu. Mzere wake unachokera m'munda wa tiyi, kudutsa pansi pa mpanda, kukwera ndi miyendo yonse inayi ya khola. Lina linali litadzaza pachitenje cha a Vailet, likuwaluma m'miyendo ndi m'manja, koma sanasiye khasulo.

A Stewart anatulutsa kiyi m'thumba, natsegula loko. Pamene chitseko chinkatseguka n'kuti akalulu asanu ndi mmodzi atafa, linthumbu lili m'maso, m'mphuno ndi m'makutu. Wamoyo anali mmodzi yekha, amene a Vailet anamusolola pabowo limene anang'amba pawaya.

"Ndimakumba mbatata pamene ndaliona likubwera," anatero a Vailet, akuthothola linthumbu pakhosi. "Ndinaima pampandapo nthawi yaitali, poti munati ndisaponde. Nditamva akulira ndinalephera kupirira. Pakanapanda lokoyu ndikanawatulutsa onse."

Kenako anapitiriza:

"Achemwali anga phulusa ankathira chaka chilichonse mvula ikamatha. Mudzi wonse umadziwa. Inu simukanadziwa, munali kulibe."

Anawapatsira kalulu wotsalayo m'manja, natola khasu lawo, n'kumapita kwawo akutsimphina.

A Stewart anakumba dzenje kuseri kwa nthochi, nakwirira akalulu a mkazi wawo ali okhaokha. Akuti analira kuposa mmene analirira tsiku la maliro. Mpaka lero ali pamalo pomwepo. Palibe amene anawathamangitsa, ndipo palibe amene anali ndi maganizo otero.

Lolemba anakumana ndi a Keith pansi pa mtengo wa bawo, nawauza zonse. A Keith anapukusa mutu.

"Pepani achimwene. Inetu ndimangonena zimene ndinamva. Takhalani pansi, ndinu oyamba kusewera."

Phunziro: Munthu akakuchenjeza, funsa kaye kwa odziwa usanamuyese mdani. Ukakhalitsa kutali ndi kwanu, vomera kuti pali zambiri zimene otsala pamudzi akuzidziwa zimene iwe sukuzidziwa. Wokuuza kuti abale ako akukulodza sadzakuthandiza kukumba dzenje. Tumizani nkhaniyi kwa abale ndi anzanu, makamaka amene ali kunja ndipo akuganiza zobwerera kumudzi.